Timphira Tinayi Totchinga Matope

“Kodi munthu wosacheukira amene wamusiya kumbuyo angasunge mwana wa mwini?”

Bambo anafunsa ali chilili pakhomo la chipinda chodyera, malaya awo oyera ali m'manja. Mayi anapitiriza kupukuta mbale imene inali itauma kale. Mkulu wake wa Teni anaweramira pafoni. Teni anangoyang'ana malayawo: madontho ofiira kuyambira pakolala mpaka pathumba, ngati wina wawaza ndi burashi ya penti.

Masana amenewo bambo ankachokera kogula zipangizo za kugalaja kwawo, ali panjinga, mumsewu wawo wa dothi lofiira umene mvula ikangogwa umasanduka thope lokhalokha. Galimoto inawadutsa. Sanaimve ikubwera, poti inali ija yamagetsi, yoyenda monyang'ama ngati mphaka. Anangozindikira matope ali kumaso. Zaka makumi atatu akukonza magalimoto, bambo ankadziwa galimoto iliyonse ya m'deralo ndi khutu lokha, ikadali kutali. Iyi yokha inkawalanda luso lawolo, ndipo ankadana nayo isanawathire n'komwe matope. Ankaitcha ayironi. Chinthu cholumikiza pakhoma kuti chigwire ntchito, ankatero, si galimoto.

Mwini ayironiyo anali chibwenzi cha Teni cha miyezi isanu ndi inayi. Mkulu wa Teni anamupatsa dzina loti Chete chifukwa cha galimotoyo, koma dzinalo linamukhala mnyamatayo mbali zonse. Nkhani ikafika povuta, nayenso injini yake sinkamveka.

Chimene bambo sanatchule, ndipo Teni ankapemphera kuti sanachione, n'chakuti iye anali m'galimotomo. Anaiona njinga patsogolo, anachizindikira chipewa cha bambo ake, ndipo m'malo monena kuti ima, anatsetsereka pampando ngati wagwetsa ndolo. Chete anali pakati pofotokoza za batire. Sanaone kanthu.

Bambo anayala malayawo patebulo, pakati pa mbale. Ananena motsitsa mawu kuti iwo saletsa munthu kukonda, zimenezo n'za mtima wa mwini. Koma ayironi ija isadzaimenso pageti pawo mpaka itavala timphira totchinga matope kuseri kwa matayala onse anayi, monga galimoto ya munthu woleredwa.

“Wamva, Teni?”

“Ndamva, bambo.”

Dzina la Teni anamupatsa ndi bambo omwewo ali wamng'ono, akamakhala pambali pa galimoto n'kumawapatsira zida. Sipanala ya namba teni ndi imene imasowasowa m'galaja iliyonse, ndipo iye yekha ndiye ankaipeza. Digiri anatenga, gauni anavala, zithunzi zili pakhoma. Koma kunyumba anakhalabe Teni.

*

Kuyambira tsiku limenelo Chete ankaima pakona pa mpope wa madzi, nyumba zisanu usanafike kwa a Teni. Matope anali omwewo, kungoti maso a bambo sankafikako.

Teni ankayesa kuti ndi nkhani ya masana amodzi: kugula timphira, kumanga, kupepesa. Chete anatulutsa foni. Anamuonetsa mizere yokwera ndi yotsika. Galimoto yamagetsi, anafotokoza moleza mtima ngati mphunzitsi, anaipanga yosalala dala kuti mphepo izingotsetsereka. Ukaika timphira, timakola mphepo ngati matumba, batire n'kumatha msanga. Makilomita khumi athunthu pa kutchaja kumodzi. Komanso pamafunika kuboola, ndipo iye sakanalola munthu kubwera ndi choboolera pafupi ndi galimoto yake. Kuwonjezera apo timanyansitsa. Galimoto imaoneka ngati lole ya mchenga.

Teni sanakulire m'galaja pachabe. Anamukokera kunja n'kumugwiritsa m'munsi mwa chitseko, pamene timiyala tinali titayamba kale kudya penti. Anamukumbutsa kuti batire limene amalinyadiralo lili pansi pomwepo, ndipo chilichonse chimene tayala lakutsogolo latola limachiponyera komweko. Makilomita khumiwo anamufunsa ngati anayeza yekha kapena anawerenga kwa anthu oyenda pa phula lokhalokha.

Chete anaseka, namugwira chibwano. Anati ndiye ubwino wake wokonda mwana wa makanika, munthu sufunikanso kupita kugalaja.

“Si nkhani ya penti iyi,” anatero Teni. “Uku kuli bambo anga, uku kuli makilomita khumi. Wasankha makilomita?”

Chete anayang'ana kutsogolo. Mayi wina ankatunga madzi pampope, chidebe chikudzaza pang'onopang'ono. Chinadzaza, mayiyo anasenza, anapita.

Masabata atatu anadutsa choncho. Teni ankamutumizira zithunzi za timphira, ting'onoting'ono tosaonekera patali. Chete ankayankha ndi kamtima kofiira, kenako n'kutumiza nkhani yaitali ya mphepo. Kunyumba bambo sankafunsa kanthu. Ankangoti akamuona akuvala nsapato, n'kumuuza kuti apereke moni kumpope.

Mkulu wake yekha ndi amene ankalankhula zimene ena ankameza. Chotchajira cha galimotoyo chinali pakhoma la galaja ya mayi ake a Chete, ndipo madzulo aliwonse Chete ankayenera kubwerera komweko. Mwamuna amene dzuwa likamalowa amathamangira kukayamwa pakhoma la mayi ake, anatero mkulu wakeyo akusita diresi, mchombo wake sunaduke.

Teni anawaonapo kamodzi kokha mayiwo, m'sitolo ya nsalu. Anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Atamva kuti wa makanika wa kumsewu wofiira, anamwetulira mwaulemu kwambiri, maso ali pansapato zake.

*

Loweruka lina m'mawa mkulu wake anasuzumira pawindo n'kunena kuti a Chete avala nsapato.

Teni anatuluka tsitsi lili theka. Galimoto inali pageti penipeni, ndipo kuseri kwa tayala lililonse kunkalendewera kamphira kakuda, katsopano, kakadali ndi fungo la m'sitolo. Anachita manyazi ndi mmene mtima wake unadumphira. Munthu wa digiri kufuna kulira chifukwa cha mphira.

Bambo anatuluka m'galaja akupukuta manja ndi kansanza. Sanayambe ndi moni. Ananjuta pa tayala lakumbuyo, anakoka kamphira, anakagwedeza, anapukusa mutu. Amene anamanga izi, anatero, ankathamangira basi.

“Teni, tenga teni.”

Anathamanga ngati ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo anazungulira galimoto yonse akumanga bawuti iliyonse, mawondo a buluku lawo ali m'matope, Chete ataima pambali manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Atamaliza anaimirira, anapukutanso dzanja, nalipereka.

Anati munthu amadziwika ndi zazing'ono. Wolakwa n'kukonza, iwo amamulemekeza kuposa amene sanalakwepo. Anamuuza kuti Lamlungu la sabata yamawa abwere ndi mayi ake adzadye nawo masana, akuluakulu adziwane, zoimaima pampope zithe.

“Zikomo, bambo. Ndiwauza,” anatero Chete.

Bambo anabwerera m'galaja akuimba mluzu. Mayi anali atayamba kale kuwerenga mipando ndi maso.

Poika chikwama chake kumbuyo kwa galimoto, Teni anapezamo chigubu cha madzi ndi burashi yolimba. Anafunsa kuti galimoto yopanda injini ikufuna madzi a chiyani. Chete anati n'zosambira m'manja. Teni anayang'ana burashiyo, imene inali yokwanira kukwecha khonde lonse, koma tsikulo linali labwino kwambiri moti sanafune kuliboola. Anangofunsa kuti chinamusintha maganizo n'chiyani.

“Ndinaona kuti n'zofunika,” anatero Chete, akuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

*

Loweruka lotsatira, litatsala tsiku limodzi kuti alendo abwere, Teni ndi Chete anapita limodzi kukagula nsalu ya patebulo. Batire linali litatsika, choncho anaima pamalo otchajira kuseri kwa sitolo yaikulu. Chete analumikiza chingwe chonenepa ngati mkono wa mwana, ndipo chinatsekeka ndi kaphokoso. Teni ankadziwa lamulo lake: chingwe chikangolowa, galimoto siyenda mpaka uchimasule. Pagalasi la kutsogolo panalembedwa 14, mlingo wa moto umene unali m'batire. Kunja mvula inkawaza.

Anamufunsa ngati mayi ake akudziwa nthawi yofikira mawa. Chete anati awauza madzulo ano, nkhani zoterezi zimafuna munthu atadya.

“Sabata yonse sanadye?”

Asanayankhe, nsapato zoyera zinaima pambali pa chitseko chake. Teni anazizindikira asanaone nkhope. Ankaziona pazithunzi za pafoni ya Chete, pa maphwando a kubanja kwawo: mtsikana wogulitsa mankhwala kufamase, mwana wa mnzawo wapamtima wa mayi ake a Chete. Mkulu wa Teni ankamutcha Nsapato Zoyera, ndipo ankati munthu amene amavala zoyera nthawi ya mvula ndiye kuti sanayendepo wapansi chibadwire.

Mtsikanayo anawerama pawindo, ambulera ili m'manja, napereka moni wotsekemera kwa onse awiri. Anadikira.

“Uyu ndi mnzanga wa ku koleji,” anatero Chete, akuloza Teni.

Teni ndi Chete sanaphunzire koleji imodzi. Pagalasi panalembedwa 19.

Nsapato Zoyera anati wasangalala kudziwana ndi asisi. Anabwerera pang'ono m'mbuyo n'kuyang'ana matayala ngati munthu woyamikira ntchito ya manja ake. Anafotokozera Teni kuti timphirato anasankha ndi iye, anaperekeza yekha pogula, poti amuna pa zosankha sadziwa kanthu.

“Amayi akondwa zedi,” anatero. Mawu oti amayi anawatchula ngati anamubereka ndi iwo. “Paja analonjezedwa kuti za kumsewu wofiira zija zinatha, koma galimoto inkabwerabe ndi matope m'zitseko. Amayi amachita kupititsapo chala. Sabata ino yonse yabwera yoyera, mpaka matayala. Dzulo agona tulo.”

Anamwetulira. Maso ake anatsika, kudutsa chitseko, kukafika pansi pa mpando pamene panali mapazi a Teni. M'mphepete mwa nsapato zake munali kamzere kofiira kamene ngakhale utakwecha motani sikachoka. Anakayang'ana nthawi yokwanira kuti Teni adziwe kuti wakaona. Kenako anakumbutsa Chete kuti mawa masana amayi akuwayembekezera onse awiri, iye ndi Chete, kunyumba. Anatsanzika, napita akulumpha zithaphwi mwaluso.

*

Teni anacheukira kumbuyo kwa galimoto, kumene kunali chigubu ndi burashi ija.

“Chigubu chija n'cha matayala,” anatero Teni. Silinali funso.

Chete anayamba kufotokoza, maso ali pachiwongolero. Mayi ake amadwala kuthamanga kwa magazi. Mwezi watha anachita kugona masiku awiri chifukwa cha nkhani yomweyi, ndiye iye anangowauza kuti zatha, kuti mtima wawo ukhale pansi. Sankatanthauza. Ankafuna nthawi basi. Koma dothi lofiira lija m'tauni yonse limapezeka msewu umodzi wokha, ndipo limamatirira m'zitseko ngati penti. Kutsuka galimoto yonse tsiku ndi tsiku sikunkatheka. Ndi timphira, zitseko zimakhala zoyera, amangotsala matayala, ndipo amenewo amawakwecha pamene phula layambira.

“Nanga makilomita khumi aja munawapeza kuti?”

Chete anacheuka. Miyezi khumi yonse Teni anali asanamutchulepo kuti inu.

“Nditayeza ndinapeza kuti ndi atatu okha,” anatero motsitsa mawu.

Teni anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Masabata atatu anapempha, anatumiza zithunzi, anaika bambo ake pasikelo, ndipo mphepo sinalole. Chala chimodzi cha mayi ake chinadutsa pachitseko, mphepo inasintha maganizo.

Chete anatembenuka yense n'kumugwira dzanja. Anati asakulitse nkhani. Timphira ndi tomweto, kaya anaikira yani. Matope sakuthiranso anthu, penti yatetezeka, zonse zimene Teni ankanena zachitika.

“Bambo ako akondwa. Amayi anga akondwa. Walakwiridwa ndani?”

Teni anali ndi yankho, ndipo linali lakuthwa. Koma atalifikitsa pakamwa anakumbukira chipewa cha bambo ake patsogolo pa galimoto yomweyi, ndi iye mwini akutsetsereka pampando womwewu, kufunafuna ndolo imene inali kukhutu. Yankholo linali ndi mano mbali zonse. Analimeza.

Anamuuza kuti amasule chingwe, akufuna kupita kwawo. Chete anati sizingatheke pakali pano, moto umene walowa sukwanira kukamutula ndi kubwerera kunyumba. Adikire pang'ono. Teni anayang'ana chitseko. Mvula inali itakula, ambulera analibe, ndipo pamiyendo pake panali nsalu ya patebulo imene mayi anamutuma, ya maluwa achikasu. Anakhala. Pagalasi panalembedwa 33. Kenako 34.

Pofika 50, Chete anali atapeza njira. Mawa adya msanga kwa mayi ake, kenako abwera yekha cha m'ma fayifi. Teni angowauza bambo kuti mayi ake a Chete adzuka ndi mutu. Sabata ina adzapeza chifukwa china. Pang'onopang'ono, anatero, mayi ake afewa. Anthu amafewa.

Teni anaganiza za timphira tija. Ankadziwa kuyambira ali mwana chimene bambo amapeza akachotsa kamphira ka galimoto yakale: kunja koyera, kuseri matope a zaka zisanu ataumirira, chitsulo chitadyeka. Matope sachoka. Amangopeza pobisala.

*

Teni anauza Chete kuti amutsitse pampope, osati pageti. Mvula inali itakata, dzuwa likupendeka. Chete anati sachoka pamenepo mpaka amuyankhe ngati abwere mawa kapena ayi. Anazimitsa galimoto, ngakhale panalibe kusiyana kulikonse.

Teni anayenda nyumba zisanuzo akusankha popondapo, nsalu ili kukhwapa.

Pageti anapeza bambo ali ndi wilibala. Ankayala zidutswa za njerwa m'matope, kuyambira pamene galimoto imaima mpaka pakhonde, chidutswa chilichonse akuchipondereza ndi chidendene. Pachingwe panali malaya oyera aja. Mayi anali atawaviika katatu, ndipo madontho anali atazilala, ongooneka kwa munthu wodziwa pamene anali. Pakhonde panali mipando inayi yobwereka kwa oyandikana nawo, mkulu wake akuipukuta. Mkuluyo anangomuyang'ana kumaso kamodzi n'kusiya kupukuta.

Bambo sanadzutse mutu. Anati mayi aja akumva kuti ndi munthu wa nsapato zabwino, ndiye si bwino abwerere kwawo akunena kuti kwa makanika anamira. Anafunsa ngati nsalu yapezeka. Anafunsa ngati mayiwo amamwa tiyi wa shuga. Anati wilibala ziwiri zina, njira itha.

Teni anatsegula pakamwa kuti anene za mutu wa mayi ake a Chete. Mawu anali okonzeka, Chete anali atawapala bwino.

“Koma mawa,” anatero bambo akupondereza njerwa ina, “alendo akafika, usadzagwetsenso ndolo. Wamva?”

Ananena mopepuka, ngati akukumbutsa munthu kutseka mpope. Sanamuyang'ane. Anatola chidutswa china, anachitembenuza, nachiika mbali yosalala kumwamba.

Foni inanjenjemera m'thumba mwa Teni. Sanaitulutse. Anapereka nsalu kwa mkulu wake, analowa m'galaja, nayang'ana pakhoma pamene zida zinkapachikidwa motsatana. Msomali wa teni unali wopanda kanthu, monga mwa masiku onse. Sipanalayo anaipeza m'thumba la ovolosi ya bambo, kuseri kwa chitseko.

Atatuluka, bambo anali ataimirira, dzanja lili m'chiuno.

“Bambo, njerwazo zisiyeni. Mawa kuno sikubwera munthu,” anatero. “Ndikupita ndine kwa mayi ake a Chete. Pompano. Teniyi ndabwereka.”

Bambo anayang'ana sipanala, anayang'ana mwana wawo.

“Ukamasule chiyani?”

Teni anatsegula geti. Kumtunda, pampope, ayironi inali itaima chete, timphira take tinayi tikulendewera pa mabawuti amene sipanala yomweyi inamanga. Analowa mumsewu, ndipo ulendo uno sanasankhe popondapo. Anadutsa pakati penipeni.